Kuphunzira kusanthula zithunzi za setilaiti: muyambire pa malo amene mapazi anu amawadziwa

Funso: Ndine wophunzira wa chaka chomaliza m'maphunziro a zachilengedwe, ndipo kwathu ndi ku Zomba. Ndikufuna kudziwa kugwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta osanthulira zithunzi za setilaiti, za multispectral ndi za hyperspectral zomwe. Ena akundiuza kuti popanda ENVI palibe chimene ndingaphule, ena akuti ndiyambe ndi Python, chilankhulo cholembera malangizo a kompyuta. Laputopu yanga ndi yapakatikati, ndipo bandulo ndimagula ndekha. Ndiyambire pati?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanuli. Mwachita bwino kutchula za laputopu ndi bandulo, chifukwa zinthu ziwirizi ndi zimene zimagwetsa ulesi ophunzira ambiri asanafike n'komwe pa ntchito yeniyeni. Malangizo anga ndi awa: ikani QGIS, pulogalamu yopangira ndi kusanthulira mapu, pa laputopu yanuyo, tsitsani chithunzi chimodzi chokha cha setilaiti ya Sentinel-2 chosonyeza Zomba ndi nyanja ya Chilwa, chojambulidwa tsiku lopanda mitambo, ndipo mukhale nacho milungu ingapo musanafune china. Za hyperspectral muziike kaye pambali kwa miyezi ingapo. Ndikutero chifukwa chimene chimavuta pa ntchitoyi si mabatani a pulogalamu ayi, koma kumvetsa tanthauzo la manambala amene ali m'chithunzicho, ndipo manambalawo amamveka msanga pamene munthu akuyang'ana malo amene anakulira.

Chithunzi cha setilaiti n'chosiyana ndi cha pa foni. Sensa imene ili pa setilaiti imayeza kuwala kwa dzuwa kumene kwagunda pansi n'kubwerera m'mwamba, ndipo imakuyeza m'magawomagawo otchedwa mabandi, malinga ndi kutalika kwa mafunde a kuwalako. Kadontho kalikonse ka chithunzi, kamene timati pikiselo, kamakhala ndi nambala imodzi pa bandi iliyonse. Tsamba lamoyo limameza kwambiri kuwala kofiira, cha m'ma nanomita 670 (nanomita ndi muyezo wa kutalika kwa mafunde aja), chifukwa ndi kumene limagwiritsa ntchito popanga chakudya, koma limabweza kuwala kochuluka kwa infrared yapafupi, cha m'ma nanomita 800, kumene maso athu sakuona. Madzi oyera amameza pafupifupi infrared yonse. Dothi la katondo limabweza kuwala kofiira koposa kwa buluu chifukwa cha chitsulo chimene chili m'menemo. Mukatenga manambala a pikiselo imodzi n'kuwajambula motsatana pa girafu, mumapeza mzere wokwera ndi kutsika umene uli ngati chidindo cha chinthucho, ndipo mapulogalamu onse amene anthu akukutchulirani amagwira ntchito yowerenga ndi kufananiza zidindo zimenezi.

Kusiyana kwa multispectral ndi hyperspectral kwagona pa kuchuluka ndi kupyapyala kwa mabandi. Landsat yoyamba, imene inatumizidwa mu 1972, inali ndi sensa ya mabandi 4. Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021 zili ndi mabandi 11, ndipo ambiri mwa iwo pikiselo yake ndi ya mamita 30. Sentinel-2, imene yoyamba yake inatumizidwa mu 2015, ili ndi mabandi 13 a mamita 10, 20 ndi 60, ndipo imadutsa malo omwewo masiku 5 aliwonse. Zonsezi ndi multispectral: mabandi ochepa, otambalala, okhala ndi mipata pakati pawo. Sensa ya hyperspectral ngati AVIRIS ya bungwe la NASA, imene imanyamulidwa pa ndege, ili ndi mabandi 224 ogundizana kuyambira cha m'ma nanomita 400 mpaka 2,500, iliyonse yopyapyala pafupifupi nanomita 10. Motero chidindo chija, m'malo mokhala madontho khumi olumikizidwa ndi rula, chimakhala mzere wosalala woonetsa tizigwa ting'onoting'ono timene timaulula mtundu wa mwala kapena madzi amene ali m'tsamba.

Pa nkhani ya ENVI, anzanuwo sakulakwitsa kuitamanda. Ndi pulogalamu yabwino kwambiri, makamaka pa hyperspectral, ndipo makampani ambiri a migodi amaigwiritsa ntchito. Koma laisensi yake ndi yodula, monganso ya ERDAS IMAGINE, ndipo sindingakulangizeni kuika kope lobedwa, chifukwa kuwonjezera pa kulakwira lamulo, mukhoza kuwononga laputopu imene muli nayo imodzi yokhayo. Ngati ku koleji kwanu kuli laisensi, muigwiritse ntchito mokondwa. Ngati kulibe, palibe chimene mwataya pa gawo limene mulili. QGIS ndi yaulere, ndipo mukaikamo Semi-Automatic Classification Plugin, imene analemba Luca Congedo, mumatha kudula chithunzi, kujambula zidindo ndi kugawa malo m'magulu. SNAP ya bungwe la European Space Agency ndi yaulerenso, ngakhale kuti imalemetsa kompyuta yaing'ono. Palinso MultiSpec ya ku Purdue University, imene anayambitsa David Landgrebe ndi Larry Biehl. Maonekedwe ake ndi achikale, koma ndi yopepuka, ndipo anaikonzera kuphunzitsa, kotero kuti imakuonetsani masamu amene ikuchita m'malo mowabisa.

Tsopano tifike pa chithunzi chanu chija, chimene mungachipeze mwaulere pa Copernicus Data Space Ecosystem mukalembetsa. Chimodzi chimatha kufika pafupifupi gigabaiti imodzi, choncho muyambe mwachiona pa intanetipo ngati chilibe mitambo musanawononge bandulo. Mukachitsitsa, dulani kagawo kokhako kamene mukukafuna, kenako muike infrared yapafupi, imene ndi bandi 8, pa mtundu wofiira, bandi 4 pa wobiriwira, ndi bandi 3 pa wa buluu. Zomera zonse zidzaoneka zofiira. Mukatero muyambe kudina malo amene mukuwadziwa, amodzi amodzi, n'kumajambula chidindo chake: mitengo ya paini ya pa phiri la Zomba, damu la Mulunguzi, malata a nyumba za m'tauni, minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi, gombe la Kachulu, chilumba cha Chisi. Mudzaona kuti paini ndi wakuda pang'ono mu infrared kuyerekeza ndi mitengo ya masamba otambalala. Mudzaonanso kuti madzi a Mulunguzi ndi akuda pafupifupi m'mabandi onse, pamene a Chilwa akuwala mu bandi yofiira, chifukwa nyanjayi ndi yosaya ndipo mphepo imavundula matope. Pa chilichonse chimene mwaona, mudzifunse chifukwa chake, ndipo pamene yankho lakusowani, mukwere njinga mukaone ndi maso. Ndimaika mtima kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa wophunzira amene waichita kwa mwezi umodzi amatha kuzindikira mapu olakwika pongowayang'ana, pamene amene anathamangira ku mabatani amakhulupirira chilichonse chimene kompyuta yatulutsa.

Pali misampha ingapo imene imakola pafupifupi aliyense woyamba kumene, ndipo pulogalamu siikuchenjezani. Woyamba ndi wa mulingo wa chithunzi. Sentinel-2 ya Level-1C ili ndi kuwala monga momwe kunafikira pa sensa, kutadutsa m'fumbi ndi m'chinyezi cha mumlengalenga, pamene ya Level-2A yakonzedwa kale kuti isonyeze kuwala kochokera pansi penipeni. Ngati mukufananiza masiku osiyana, tengani Level-2A. Wachiwiri ndi wakuti manambala a m'fayilo si kuwala kwenikweniko. Pa Landsat Collection 2 Level-2 mumachulukitsa ndi 0.0000275 n'kuchotsa 0.2. Pa Sentinel-2 mumagawa ndi 10,000, koma kuyambira mu Januwale 2022 anayamba kuwonjezera 1,000 pa nambala iliyonse, ndiye muyenera kuichotsa kaye, ndipo fayilo ya metadata imene imabwera ndi chithunzicho imakuuzani ngati zili choncho.

Kuti muone kukula kwa vutoli, tiyeni titenge NDVI, nambala yoyezera kubiriwira kwa zomera, imene ndi infrared yapafupi kuchotsa yofiira, kugawa ndi ziwirizo zitaphatikizidwa. Munda wobiriwira bwino ukhale ndi 0.40 mu infrared ndi 0.05 mu yofiira. NDVI yake ndi 0.78. Munthu amene waiwala kuchotsa 1,000 uja akugwiritsa ntchito 5,000 ndi 1,500, ndipo akupeza 0.54. Munda ndi womwewo, tsiku ndi lomwelo, koma lipoti lake lidzanena kuti zomera zafooka kuyambira mu 2022. Msampha wina wofanana nawo ndi wa manambala a mabandi: pa Landsat 5 ndi 7, yofiira ndi bandi 3 ndipo infrared yapafupi ndi bandi 4, koma pa Landsat 8 ndi 9 ndi bandi 4 ndi 5. Zithunzi za Landsat 7 zojambulidwa pambuyo pa Meyi 2003 zilinso ndi mizere yopanda deta chifukwa cha kachipangizo kamene kanawonongeka. Ndipo mukamaika chithunzi pamwamba pa mapu akale a boma, kumbukirani kuti ambiri mwa mapuwo ali pa dongosolo loyezera malo la Arc 1950, pamene zithunzi zili pa lina, la WGS 84, UTM zone 36S. Mukapanda kuiuza pulogalamu zimenezi, msewu udzasuntha ndi mamita mazana angapo.

Nyengo ndi nkhani ina imene mabuku olembedwa kunja sangakuphunzitseni bwino. Nthawi imene chimanga chili pachimake, mu Januwale ndi Febuluwale, ndi nthawi yomweyo imene mitambo imaphimba dziko lonse. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabisa mapiri a kumwera, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umadetsa mabandi a buluu ndi obiriwira. Zithunzi zoyera zimapezeka kawirikawiri kuyambira kumapeto kwa Epulo. Komabe kudziwa kalendala ya ulimi kumasandutsa vutoli kukhala mwayi. Kumwera anthu amabzala nandolo pamodzi ndi chimanga, ndipo chimanga chikauma n'kukololedwa, nandolo amakhalabe wobiriwira kwa miyezi ingapo. Choncho munda umene ukadali wobiriwira mu Juni, pamene oyandikana nawo auma, ukukuuzani kanthu kamene chithunzi cha mu Febuluwale sichikanakuuzani. Madambo ndi madimba amabiriwira m'chilimwe. Mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiirira mvula isanagwe. Pa mbewu, zithunzi zisanu za mabandi ochepa zojambulidwa m'miyezi yosiyana nthawi zambiri zimathandiza kuposa chithunzi chimodzi cha mabandi mazana awiri.

Muganizirenso kukula kwa minda yathu. Pikiselo ya mamita 10 imaphimba masikweya mita 100, ndiye ekala imodzi imalowa mapikiselo pafupifupi 40. Ya mamita 30 imaphimba masikweya mita 900, ndiye ekala yomweyo ndi mapikiselo anayi kapena asanu okha, ndipo ambiri mwa iwo asakanikirana ndi njira, chulu, mtengo wa mango kapena munda wa mnansi. Esiteti ya nzimbe ku Nchalo kapena ya tiyi ku Thyolo imaoneka bwino pa Landsat, koma munda wa mlimi wamng'ono umafuna Sentinel-2.

Mukazolowera zidindo, mukhoza kuyamba kugawa malo m'magulu: nkhalango, minda, madzi, midzi, dambo. Mumapatsa pulogalamu zitsanzo za gulu lililonse, ndipo njira ngati Maximum Likelihood kapena Random Forest imagawa mapikiselo otsalawo. Kudina batani kumatenga mphindi zochepa. Ntchito yeniyeni ndi kusonkhanitsa zitsanzo zoona ndi GPS ya pa foni, kulemba tsiku, ndi kusunga padera gawo lina la zitsanzozo kuti muyezere mapu anu. Musayeze mapu ndi mapikiselo a m'munda womwewo umene munaphunzitsira pulogalamu, chifukwa mapikiselo oyandikana amafanana, ndipo mudzapeza kulondola kwapamwamba kumene kulibe tanthauzo. Ndawerengapo malipoti a ophunzira onena kuti mapu awo ndi olondola pafupifupi kotheratu, pamene mthunzi wa phiri unali utalembedwa kuti ndi madzi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mapu otere akafika pa desiki ya munthu wokonza mapulani, amawakhulupirira.

Python ifike liti? Ifike tsiku limene mudzatope ndi kubwereza zinthu zomwezo pa zithunzi makumi awiri. Nyanja ya Chilwa ingakufikitseni pamenepo mwachibadwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Zithunzi za Landsat, zimene zakhala zaulere kuyambira mu 2008, zimakulolani kutsatira kukula ndi kuchepa kwake chaka ndi chaka, pogwiritsa ntchito bandi yobiriwira ndi infrared ya mafunde aafupi (shortwave infrared, yosiyana ndi infrared yapafupi ija), imene imasiyanitsa bwino madzi amatope ndi mtunda. Kutsitsa zithunzi zonsezo kungakuthereni ndalama, ndipo apa ndi pamene Google Earth Engine ndi Digital Earth Africa zimathandiza: zithunzi zimakhala pa makompyuta awo, inu mumangotumiza malangizo n'kulandira zotsatira, ndipo ophunzira salipira. Chifukwa mudzakhala mutachita kale ntchitoyo ndi manja mu QGIS, mzere uliwonse wa khodi mudzaumvetsa chimene ukuchita.

Mukafika pa hyperspectral, muyambe ndi zithunzi zimene akatswiri anaziphunzira kale, kuti mukhale ndi poyezera mayankho anu. Chotchuka kwambiri ndi cha Indian Pines, chimene AVIRIS inajambula mu 1992 ku Indiana, m'dziko la America: n'chaching'ono, mapikiselo 145 m'litali ndi 145 m'lifupi, chili ndi magulu 16 odziwika kale, ambiri a chimanga ndi soya, ndipo laputopu iliyonse imachitsegula. Pa miyala, tengani cha Cuprite ku Nevada. Ntchito yoyamba ndi kuyang'ana mabandi amodzi amodzi n'kutaya oipa. Cha m'ma nanomita 1,400 ndi 1,900 chinyezi cha mumlengalenga chimameza kuwala pafupifupi konse, ndipo mabandi a pamenepo amangokhala phokoso lokhalokha.

Chinthu chachiwiri chimadabwitsa anthu ambiri: mabandi akachuluka, kugawa magulu kumatha kuipiraipira. Gordon Hughes anasonyeza zimenezi mu 1968. Ngati zitsanzo zanu zili zochepa, kuwonjezera mabandi kumathandiza mpaka penapake, kenako kulondola kumayamba kutsika, chifukwa pulogalamu ikuyerekeza zinthu zambiri kuchokera pa umboni wochepa. Maximum Likelihood pa mabandi 200 imafuna mapikiselo oposa 200 pa gulu lililonse kuti masamu ake atheke n'komwe, ndipo kuti akhale odalirika imafuna ochuluka kangapo. N'chifukwa chake timayamba tachepetsa deta ndi njira ngati Principal Component Analysis kapena Minimum Noise Fraction, popeza mabandi oyandikana amanena pafupifupi chinthu chimodzi. Kenako muphunzire Spectral Angle Mapper, imene imafananiza kapangidwe ka chidindo mosalabadira kwambiri ngati malo ali padzuwa kapena pamthunzi pang'ono, ndi spectral unmixing, imene imayerekeza kuti m'pikiselo imodzi muli dothi lochuluka bwanji, masamba obiriwira ochuluka bwanji ndi mapesi ouma ochuluka bwanji. Njira yomalizayi ndi yofunika kwambiri kwa ife chifukwa cha minda yosakanikirana ija. Zonsezi mukhoza kuzichita mu EnMAP-Box, imene ndi yaulere ndipo imalowa mu QGIS yomweyo, kapena mu Spectral Python, ndipo zidindo zofananizira mudzazipeza mu laibulale ya USGS, bungwe la boma la America loona za miyala ndi nthaka.

Zithunzi za hyperspectral zochokera mumlengalenga tsopano zilipo. Sensa ya Hyperion ya bungwe la NASA inagwira ntchito kuyambira mu 2000 mpaka 2017, PRISMA ya dziko la Italy inatumizidwa mu 2019, EnMAP ya dziko la Germany mu 2022, ndipo EMIT, ya mabandi 285 ndi pikiselo ya mamita 60, inaikidwa pa International Space Station chaka chomwecho. PRISMA ndi EnMAP zili ndi mabandi oposa 200 ndi pikiselo ya mamita 30, koma zimajambula kachigawo ka makilomita 30 okha m'lifupi, pamene Sentinel-2 imajambula makilomita 290.

Ophunzira ambiri kuno amakopeka ndi hyperspectral chifukwa cha migodi, ndipo chidwi chimenecho chili ndi maziko. Kaolinite, amene ndi mtundu wa dongo, ali ndi tizigwa tiwiri cha m'ma nanomita 2,160 ndi 2,200, calcite, amene amapezeka m'mwala wa laimu, ali ndi chigwa cha m'ma 2,340, ndipo neodymium, mmodzi wa miyala yosowa imene ikupezeka ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe, amaoneka cha m'ma 580, 740, 800 ndi 870. Mabandi otambalala a Landsat sangaone tizigwa topyapyala chotere. Koma ndikuchenjezeni mochokera pansi pa mtima: Cuprite ndi chipululu, kumene mwala uli pamtetete, pamene mapiri athu avala udzu, mitengo ndi dothi. Sensa imaona khungu lokha la pamwamba. Pikiselo ya mamita 30 ikakhala ndi zomera pang'ono, chidindo cha mwala chimafooka, ndipo chimene pulogalamu yatchula kuti ndi mwala wamtengo wapatali chikhoza kukhala phokoso. Ngati mudzayese ntchito yotere, musankhe chithunzi cha kumapeto kwa chilimwe udzu utauma, muchotse mapikiselo onse a zomera, ndipo musalembe dzina la mwala uliwonse katswiri wa miyala asanapite kukaswa ndi nyundo.

Pa maphunziro owonjezera, NASA ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti otchedwa ARSET, amene mukhoza kusunga zolemba zake n'kumawerenga popanda netiweki. Bungwe la RCMRD la ku Nairobi, limene Malawi ndi membala wake, limaphunzitsanso za zithunzi za setilaiti, ndipo African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa kuno mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, imaphunzitsa kujambula ndi madroni ndi kusanthula deta yake.

Popeza muli m'chaka chomaliza, mwina mukuganiza zolemba kafukufuku wanu pa nkhani imeneyi. Ngati ndi choncho, mumange kafukufukuyo pa Sentinel-2 kapena Landsat, zimene n'zotsimikizika kuti zilipo pa malo anu ndi pa miyezi imene mukufuna. Hyperspectral muiwonjezere pokhapokha mutalowa m'nkhokwe za EnMAP ndi PRISMA n'kuona ndi maso anu chithunzi choyera cha dera lanulo. Masetilaiti awiriwa amalola munthu wolembetsa kupempha kuti amujambulire malo atsopano, koma pempho limadikira mpata, ndipo tsiku lojambula likhoza kugwa pa mitambo. Muchite zimenezi musanapereke mutu wa kafukufuku kwa aphunzitsi anu, ndipo mukonze kuti ulendo wanu wokatenga zitsanzo m'minda udzachitike mkati mwa sabata yomweyo imene chithunzicho chajambulidwa.